Mwana wanga akufuna kupita ku Florida pa tchuthi cha Malichi, ndimuletse?

Mayi wina wandilembera imelo, ndipo mwachidule akuti: "Mwana wanga wamkazi wa zaka 19 ali pa yunivesite ku America. Sukulu itseka sabata imodzi mu Malichi, ndipo akufuna kupita kunyanja ku Florida ndi anzake anayi. Zimene ndaona pa Facebook za tchuthi chimenechi zandisowetsa tulo. Ndimuletse?"

Mayi, kuletsa mungaletse, koma muli kutali. Mwana wa msinkhu umenewu akaletsedwa pafoni amangoti "ndamva amayi", kenako n'kupita mwakachetechete, inu osadziwa ngakhale kumene wagona. Ine ndikuti mumulole, koma muyambe mwakambirana naye zimene zimaphadi anthu kumeneko, chifukwa si zimene mafoni amakonda kutionetsa.

Tchuthi chimenechi amachitcha spring break. Chisanu chikamatha, ophunzira amakhamukira kumalo ofunda monga Panama City Beach, Daytona Beach ndi Miami Beach ku Florida, South Padre Island ku Texas, ena mpaka Cancún ku Mexico.

Tiyambe ndi madzi. Makolo amaopa shaki, pomwe chimene chimamiza anthu pafupifupi 100 pachaka ku America ndi madzi okoka otchedwa rip current. Mafunde akakhuthulira madzi kugombe, madziwo amafuna pobwerera, ndiye amadzipezera kanjira kopapatiza pakati pa milu ya mchenga n'kumathamanga ngati mtsinje kulowera pakati pa nyanja. Chonyenga chake n'chakuti pamalo oterowo pamaoneka bata, mafunde sasweka, ndiye wosadziwa amasankha pomwepo. Ineyo anandigwirapo. Ndinali m'madzi olekeza m'chiuno, ndinangomva mchenga ukuthawa pansi pa mapazi, ndipo potembenuka ndinaona thaulo langa lachepa ngati kampango. Ndinayamba kupalasa kulunjika kumtunda, komwe ndi kulakwa kwenikweniko, chifukwa madziwo sungawapose mphamvu, umangotopa. Anandipulumutsa ndi munthu amene ankandikuwira akuloza cham'mbali. Mumuuze mwanayo kuti akakokedwa asalimbane nawo: ayandame chagada, apume, akweze mkono kuitana thandizo, ndipo ngati angathe asambire motsata gombe mpaka atuluke m'kanjirako. Asambire pomwe pali opulumutsa anthu, ndipo aziyang'ana mbendera. Yofiira imodzi ndiye kuti madzi ndi oopsa, zofiira ziwiri ndiye kuti kulowa n'koletsedwa, yapepo ndiye kuti muli zamoyo zoluma.

Za mowa, musachite manyazi kuzitchula, ngakhale mukukhulupirira kuti mwana wanu salawa. Ku America wololedwa kugula mowa ndi wa zaka 21, motsatira lamulo la 1984, ndiye iye sanafike. Ku Panama City Beach mwezi wonse wa Malichi mowa ndi woletsedwa pamchenga, kaya munthu ndi wamkulu bwanji. Ndipo apa mwana wanu akusiyana ndi anzake obadwira komweko. Iwo akagwidwa amalangidwa motsatira lamulo, makolo n'kukalipa, koma alibe viza yoti n'kutaya. Iye ali pa viza ya ophunzira ya F-1, ndipo kungomangidwa chifukwa choyendetsa galimoto ataledzera kungachititse kuti vizayo ithetsedwe. Chiphaso chabodza chokweza zaka, chimene anzake angamuuze kuti aliyense ali nacho, nachonso ndi mlandu.

Chimene chimandiopsa kwambiri ndi mapiritsi. Pali mapiritsi achinyengo ooneka ndendende ngati a ku famase, koma muli fentanyl, mankhwala amene mamiligalamu 2 okha angathe kupha munthu. Piritsi lililonse lochokera m'thumba la munthu, ngakhale atati ndi la mutu, asalandire. Chakumwa chimene anachisiya patebulo popita kovina asachibwererenso. Kuyambira 2023, Narcan, mankhwala opopera m'mphuno otsitsimutsa munthu amene wakomoka ndi mankhwala a mtundu umenewu, amagulitsidwa popanda kalata ya dokotala, ndiye mmodzi pagulupo akhale nawo m'chikwama. Mnzawo akakomoka, asamusiye kuti "agone zimuthere". Amugoneke cham'mbali kuti asatsamwe ndi masanzi, aimbe 911, nambala yoitanira thandizo ladzidzidzi ku America. Ana ambiri amazengereza poopa apolisi, chikhalirecho Florida ili ndi lamulo loteteza woitana thandizo pa zoterezi.

Dzuwa: khungu lakuda nalonso limapsa. Adzole mafuta oteteza khungu ku dzuwa olembedwa kuti SPF 30 maola awiri alionse, azimwa madzi. Aonenso ngati inshuwalansi yake ya kusukulu imagwira ntchito kunja kwa dera limene amaphunzira, poti ambulansi yokha kumeneko imadula koopsa. Anzakewo akasintha maganizo n'kunena za Cancún, asakwere ndege fomu yake ya I-20, yotsimikizira kuti ndi wophunzira pa sukuluyo, isanasainidwe ndi ofesi ya ophunzira ochokera kunja, ndipo viza ikhale isanathe, apo ayi pobwerera adzavutika pachipata.

Asananyamuke, akutumizireni dzina la hotelo ndi nambala ya mnzake mmodzi. Inunso mumulonjeze kuti akadzaimba pakati pa usiku zinthu zitavuta, funso lanu loyamba lidzakhala "uli kuti?", kukalipa mudzasungira m'mawa.