Achimwene, ya ku Paris ija si ya tsiku lokumbukira ukwati

Mwafunsa ngati Midnight in Paris ndi yoyenera kuonera ndi akazi anu pa tsiku lokumbukira ukwati wanu, komwe mungaipeze muno mu Lusaka, komanso malo abwino okadyerako. Za malo odyera akuuzeni ena, ine ndimadya kunyumba. Koma za filimuyo, achimwene, musayerekeze. Amene akuyankhani pamwambapa kuti "ndi yabwino, inapata Oscar" ndikukayika ngati anaionera mpaka kumapeto. Zikuoneka kuti angotola pa Google.

Zoti inapata Oscar ndi zoona, mu 2012, pa kalembedwe ka nkhani. Inatuluka mu 2011, anailemba ndi kuitsogolera ndi Woody Allen, ndipo ndiyo inatsegulira chikondwerero cha mafilimu cha ku Cannes chaka chimenecho. Pa Rotten Tomatoes, tsamba la pa intaneti losonkhanitsa ndemanga za mafilimu, maperesenti ake amapitirira 90. Koma nambala imeneyo anthu amaimva molakwika. Siyeza kukoma kwa filimu. Imangowerenga kuti mwa akatswiri olemba ndemanga, ndi angati amene anavomereza kuti filimuyo ili bwino, ngakhale ena anavomereza mwamphwayi. Ndiye mudzifunse kuti akatswiriwo ndi ndani. Ambiri ndi anthu oti mabuku a Hemingway, wolemba wotchuka wa ku America, anawaphunzira kusukulu, ndipo filimuyi inapangidwira iwowo.

Nkhani yake ndi ya Gil, wolemba mafilimu wa ku Hollywood, amene wapita ku Paris ndi chibwenzi chake Inez pamodzi ndi makolo a mkaziyo. Usiku uliwonse 12 koloko ikangokwana, pamabwera galimoto yachikale n'kumutenga kupita naye ku Paris wa zaka za m'ma 1920. Kumeneko amakumana ndi olemba mabuku ndi ojambula zithunzi otchuka a nthawiyo: Hemingway, Scott Fitzgerald ndi mkazi wake Zelda, Picasso, Gertrude Stein amene amamuwerengera buku lake, ndi Salvador Dalí amene amangokamba za chipembere. Nthabwala zonse zagona pa anthu amenewa. Hemingway amalankhula ndendende momwe amalembera, ndiye woti anamuwerengapo amafa nazo nseko. Woti sanamuwerengepo amangoona azungu akumwa vinyo n'kumalongolola.

Ine ndinaiika kunyumba kwathu ku Chilenje, tili ndi mayi a kunyumba ndi alamu anga amene anabwera kuchokera ku Katete. Alamu anayamba kusinza filimu isanafike n'pakati pomwe. Mayi a kunyumba anapirira, koma ankangondifunsa kuti "Nanga poseka ndi pati?" Kenako magetsi anapita, ndipo palibe anadandaula olo mmodzi. Mawa lake titaimaliza, funso linasintha: "Mwasankhiranji filimu yoti mwamuna akusiya mkazi?" Ndinavutika kuliyankha, ndipo inunso mudzavutika nalo.

Chifukwatu chibwenzi cha mu filimuyi chimatha. Inez ndi wamwano, makolo ake amamuderera Gil, ndipo mkaziyo amazemberana ndi mnzake wina wodziyesa wodziwa zonse, dzina lake Paul. Naye Gil si woyera. Mtima wake uli pa Adriana, mkazi amene amakumana naye m'ma 1920 muja, mpaka amayesa kutenga ndolo za Inez mobisa kuti akapatse mkazi winayo. Mukufuna akazi anu aziona zimenezi pa tsiku limene munalumbira ku tchalitchi?

Sindikuti ndi yoipa. Zithunzi za Paris ndi zokongola, ndi yaifupi (ola limodzi ndi theka kuonjezapo pang'ono), ndipo mfundo yake ndi yanzeru. Gil amasirira za m'ma 1920, koma Adriana amene akukhala m'zaka zimenezo amasirira za m'ma 1890, ndipo a m'ma 1890 nawo amalirira zakale kuposa pamenepo. Zili ngati akuluakulu athu amene amati nthawi ya a Kaunda zinthu zinali bwino, kuiwala mizere ya ufa ndi sopo. Mudzaionere nokha tsiku lina.

Ya tsiku lanulo funani About Time ya mu 2013. Anailemba ndi kuitsogolera ndi Richard Curtis, yemwe uja anayambitsa Mr. Bean pamodzi ndi Rowan Atkinson. Mnyamata wina dzina lake Tim atakwanitsa zaka 21, bambo ake amamuuza chinsinsi choti amuna a m'banja mwawo amatha kubwerera m'mbuyo m'moyo wawo: kungolowa malo amdima, kukunga zibakera, n'kuganizira tsiku lomwe akufuna. Iye mphatsoyo amaigwiritsa ntchito pofunsira mtsikana ku London. Wosewera ngati mtsikanayo ndi Rachel McAdams, yemweyo amene ndi Inez mu ya ku Paris ija, koma kuno simungamude.

Akatswiri iyi sanaikonde kwenikweni, maperesenti awo ali cha m'ma 70. Anadandaula kuti yachuluka shuga, kuti malamulo a kabwereredwe ka m'mbuyo amasinthasintha, ndiponso kuti Tim amakonza zinthu mkazi wake osadziwa kanthu. Dandaulo lomalizali lili ndi mutu, ine ndimalivomereza. Koma oonera wamba anaipatsa zochuluka kuposa akatswiri, ndipo mpaka lero amaibwerezabe, chifukwa safunika kudziwa wolemba mabuku aliyense kuti aimve. Muli ukwati wa tsiku lamvula, muli ana, muli mlongo wovutika ndi mwamuna wosathandiza. Kwathu kuja anaionera osadzuka pampando.

Koma machenjezo alipo. Theka lachiwiri nkhani imachoka pa chikondi n'kupita pa bambo ndi mwana wake, ndipo bamboyo amadwala khansa n'kumwalira. Ngati kwa akazi anu kapena kwanu kunagwa maliro posachedwa, isiyeni kaye, apo ayi tsiku lachisangalalo lidzasanduka la misozi. Chinanso, muli zakuchipinda ndi mawu ena otukwana, choncho ana agone kaye, ndipo ngati apongozi ali pakhomo musaiike n'komwe. Imatenganso maola awiri ndi mphindi zochepa, ndiye musayambe mochedwa.

Za komwe mungaipeze, ku ma cinema a ku Manda Hill kapena ku Levy musavutike kupitako, kumeneko amaonetsa zatsopano. Ndiponso anthu awiri, matikiti, popcorn ndi zakumwa, mudzapeza mwasiyako ndalama zambiri. Fufuzani About Time pa Netflix kapena Prime Video, poti mndandanda wawo umasinthasintha. Anyamata oika mafilimu pa flash m'tauni aja amatchipa, koma wina anandiikira filimu yoti mawu amatsalira m'mbuyo milomo ili patsogolo, n'kundionjezera ndi virus imene inandidyera zithunzi za ubatizo wa mwana.

Mukaipeza, ikoperenitu masana ndi bundle ya 2GB kapena kuposerapo, muyese ngati ikumveka bwino, ndipo laputopu ikhale yodzaza moto kusanade. Onaninso ndandanda ya magetsi ya dera lanu sabata imeneyo.