Akamangidwa omenyera ufulu, ife ogulitsa kaunjika zikutikhudza pati?

Ndalandira imelo kuchokera kwa achemwali ena amene amagulitsa kaunjika mu Lilongwe, dzina sinditchula. Funso lawo mwachidule likuti: "Apolisi akangomanga anthu omenyera ufulu, pa gulu lathu la WhatsApp pamadzaza mauthenga oti tiyeni kumsewu. Ine ndimakayika. Anthuwa ndimawaona ngati akusaka maudindo basi, onani a Mtambo tinkawaimbira nyimbo mu 2019 kenako anapatsidwa unduna. Komanso mademo akachitika ndife amene timatseka bizinesi, ena mpaka kuberedwa katundu. Nde ndizivutikiranji chifukwa cha munthu woti sandidziwa n'komwe?"

Achemwali, zikomo polemba, ndipo zamaudindozo sindikutsutsani ayi. A Timothy Mtambo analowadi mu kabineti ya a Chakwera mu 2020, ndipo si oyamba kuyenda njira imeneyo. Takumbukirani a Chakufwa Chihana. Pa 6 Epulo 1992 anatsika ndege pa bwalo la Kamuzu akuchokera ku Lusaka, atanyamula pepala loti awerenge kuti dziko lino likufunika zipani zambiri, apolisi anawagwirira pomwepo, apo n'kuti patangotha mwezi umodzi chiwerengereni kalata ya maepiskopi ija m'matchalitchi a Katolika pa 8 Malichi. Khothi linawapatsa zaka 2, apilo inatsitsa kufika miyezi 9, anatuluka mu Juni 1993 kutatsala masiku ochepa kuti tiponye voti ya referendamu pa 14 Juni. Munthu yemweyo anadzakhala wachiwiri kwa wachiwiri kwa pulezidenti mu boma la a Muluzi, ndipo mu 2002 anali mbali ya anthu ofuna kuti a Muluzi apitirize kulamulira, bilu yochotsa malire a materemu ija anaibweretsa mu nyumba ya malamulo anali phungu wa chipani chawo cha AFORD. Anthu ambiri amene anawakonda anakhumudwa koopsa. Koma ndikufunseni, kodi amene anachita phokoso mu 1992 kuti a Chihana atuluke analakwitsa? Ine ndikuti sanalakwitse olo pang'ono, chifukwa chomwe anamangidwira chinali kuyankhula, ndipo zomwe anadzachita patapita zaka 10 sizisintha kuti kumangidwa kuja kunali kolakwika.

Ndipo a Chihana anatuluka amoyo chifukwa cha phokosolo. Mabungwe a anthu apantchito a kunja ankafunsa za iwo, anthu ankakhamukira ku khothi tsiku la mlandu, mu Meyi 1992 maiko otithandiza atakumana ku Paris anaimitsa thandizo lina lonse kupatula la njala ndi la othawa kwawo. Boma linadziwa kuti maso ali pa munthu ameneyu. Tsono yerekezani ndi Meyi 1983, pamene a Dick Matenje, a Aaron Gadama, a Twaibu Sangala ndi a David Chiwanga anagwidwa, nduna zitatu ndi phungu m'modzi, anthu akuluakulu kwambiri, koma kunalibe woti n'kufunsa mokweza kuti ali kuti. Anaphedwa ku Mwanza, mtundu n'kuuzidwa kuti inali ngozi ya galimoto, ndipo zoona zake zinadzatuluka boma litasintha mu 1994. A Orton Chirwa ndi akazi awo a Vera anagamulidwa kuti anyongedwe mu 1983, kukuwa kwa anthu akunja ndi kumene kunachititsa kuti chilango chisinthe n'kukhala ndende moyo wonse, a Orton anafera m'ndende ya Zomba mu 1992, a Vera anatuluka mu Januwale 1993. Munthu akakhala mu selo, chimene chimamuteteza kwambiri ndi chiwerengero cha anthu kunjaku amene akudziwa kuti ali m'menemo ndipo akufunsa.

Mwina muziti izo ndi za nthawi ya Kamuzu, pano tili mu demokalase. Eya tili mu demokalase, koma khalidwe lija silinachoke, limangosintha mtundu wa nsalu ya chipani. Nthawi ya Bingu, mu Febuluwale 2011 mkulu wa apolisi a Peter Mukhito anaitanitsa mphunzitsi wa ku Chancellor College a Blessings Chinsinga kukawafunsa za chitsanzo chomwe anapereka m'kalasi, koleji mpaka inatsekedwa miyezi yambirimbiri. Pa 20 Julaye chaka chomwecho anthu anatuluka chifukwa cha kusowa kwa mafuta, forex ndi ulamuliro woipa, ndipo anthu 20 anafa, ambiri ku Mzuzu, manda awo ali ku Zolozolo. Mu Seputembala mnyamata wa pa Polytechnic Robert Chasowa anapezeka atafa pa sukulupo, apolisi anati wadzipha, komiti yofufuza yomwe a Joyce Banda anakhazikitsa mu 2012 inapeza kuti anachita kuphedwa. Nthawi ya a Peter Mutharika, pa 8 Malichi 2020 a Gift Trapence ndi abusa a MacDonald Sembereka a bungwe lomenyera ufulu la HRDC anamangidwa ku Lilongwe n'kuwatengera ku Blantyre chifukwa chonena kuti pa 25 Malichi atsogolera anthu kukatseka nyumba za boma, mtsogoleri wawo a Mtambo anakadzipereka okha ku polisi patapita masiku awiri, onse anatuluka pa belo sabata yomweyo chifukwa dziko lonse linali tcheru. Ndiye kunabwera boma la Tonse, lomwe linalowa chifukwa cha mademo omwewo, koma pa 6 Disembala 2022 apolisi anakagwira mayi Martha Chizuma, omwe anali mkulu wa bungwe lothana ndi katangale la ACB, kunyumba kwawo m'bandakucha n'kupita nawo ku Namitete, ndipo anatulutsidwa tsiku lomwelo aphungu ndi akazembe atakwiya. Pa 26 Juni 2025 a Sylvester Namiwa a bungwe lomenyera ufulu la CDEDI anamenyedwa ndi anthu a zikwanje mu Lilongwe masanasana pa mademo, apolisi ndi asilikali ali chiimire pomwepo, tonse tinaonera makanema ake pa foni.

Mwaona kuti maboma onsewa ali m'gulu? Nchifukwa chake ine zondiuza kuti uyu ndi wa DPP, uyu watumidwa ndi MCP, sizindikhudza kwenikweni pa nkhani ya kumangidwa. Amene akuombera m'manja lero kuti m'mangeni ameneyo amalongolola, mawa chipani chake chikatuluka m'boma ndi amene adzalire kuti ufulu wathu uli kuti.

Tsopano pa funso lanu lenileni lija, loti munthuyo sakudziwani. Zoona sakudziwani. Koma chimene mukuteteza mukadandaula si iyeyo ayi, ndi malamulo amene inunso mumadalira. Gawo 38 la malamulo aakulu a dziko lino limati munthu aliyense ali ndi ufulu wosonkhana ndi kuchita zionetsero mwamtendere, wopanda zida. Gawo 35 ndi la ufulu woyankhula. Gawo 42 limati munthu akamangidwa auzidwe chifukwa chake m'chilankhulo chimene akumva, aloledwe kuonana ndi loya komanso abale ake, ndipo apite naye ku khothi pasanathe maola 48. Malamulo amenewa sanalembedwere a HRDC kapena a CDEDI okha, ndi omwewo amene angateteze mwana wanu atagwidwa usiku akuchokera koonera mpira, kapena inuyo tsiku lomwe akhonsolo ndi apolisi abwera kudzathamangitsa mavenda. Apolisi akazolowera kuti munthu wotchuka, wa maloya ake ndi atolankhani pambuyo, atha kumugwira m'bandakucha n'kumuyendetsa makilomita osauza aliyense ndipo palibe wodandaula, nde inu ndi ine angatichite zotani? A Buleya Lule sanali omenyera ufulu, anali munthu wamba woganiziridwa mlandu, anafera m'manja mwa apolisi ku Lilongwe mu Febuluwale 2019 ndipo bungwe loona za ufulu wa anthu la MHRC linapeza kuti anazunzidwa. Selo yake ndi imodzimodzi. Akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe, ndipo pa nkhani iyi mawalo silichedwa, chifukwa gulu lanu la WhatsApp lomwelo ndi malo amene anthu akumangidwirapo masiku ano. Pali lamulo la 2016 la za pa intaneti lija, Electronic Transactions and Cyber Security Act, limene apolisi akhala akugwiritsa ntchito pomanga anthu wamba, mu 2022 anagwira namwino wina chifukwa cha zomwe analemba pa WhatsApp zokhudza pulezidenti. Nyumba ya malamulo inachotsa mlandu wa sedition (wodzutsa chidani pa boma) mu 2022, ndipo mu Julaye 2025 khothi linathetsa gawo 200 la Penal Code lomwe linkalola kumanga munthu pa nkhani yoipitsa mbiri ya wina, ndipo zimenezi sizinangogwa kuchokera kumwamba, anthu anakuwa zaka zambiri, ena mpaka kugona mu selo.

Za kuba ndi kuphwanya mashopu, apa ndili nanu ndithu ndipo zimandipweteka. Mu 2019 anthu ambiri osalakwa anataya katundu, ndipo munthu amene mpamba wake wonse uli mu belo imodzi ya kaunjika sungamuuze kuti pirirani ndi za demokalase. Otsogolera mademo amene amaitana anthu koma osakonza owayang'anira panjira, kenako n'kumati akuba aja si athu, amalakwa, ndipo lamulo la apolisi la 2010 limawapatsa udindo pa katundu woonongeka. Ku Msundwe mu Okutobala 2019 gulu la anthu linapha wapolisi ndi miyala, chinthu choipa kwambiri chosayenera kuikira kumbuyo. Koma taonaninso zomwe zinatsatira, apolisi anapita m'midzi ya kumeneko n'kugwiririra ndi kuzunza amayi ndi atsikana, 18 mwa iwo anapita ku khothi mothandizidwa ndi bungwe la maloya achizimayi ndipo mu 2020 khothi linalamula kuti boma liwapepese ndi ndalama. Amayi amenewo sanali otsogolera mademo, anali amayi a m'mudzi ndi ochita timabizinesi ngati inu nomwe. Wakuba agwidwe ngati wakuba, ali ndi mlandu wake, koma kuba kwa wina sikupatsa boma chilolezo chomanga munthu amene wangoyankhula kapena kutumiza anyamata a zikwanje.

Nde kodi ndikukuuzani kuti mutseke benchi muzipita kumsewu nthawi zonse? Ayi. Kumsewu ndi njira imodzi chabe ndipo si aliyense angathe, wina ali ndi mwana kumbuyo, wina akapanda kugulitsa lero ndiye kuti kunyumba sikuphikidwa. Zochita zilipo zambiri. Mukamva kuti wina wamangidwa, m'malo mofalitsa mavoisi a mphekesera pa gulupo, funsani zinthu zenizeni, ali pa polisi iti, mlandu wake ndi wotani, maola 48 akutha liti, loya wamuona? Mafunso amenewa akamafunsidwa ndi anthu ambiri pa Facebook ndi pa mapulogalamu oimba foni pa wailesi, apolisi amadziwa kuti akuwerengeredwa nthawi. Tsiku la khothi ngati muli pafupi kakhaleni nawo olo ola limodzi, khothi ndi la aliyense ndipo kukhala pa benchi kumvera mlandu si mlandu. Phungu wa dera lanu muimbireni kapena mulembereni, voti yanu amaifuna. Ndipo chonde chitani zomwezo akamangidwa munthu wosatchuka wa m'dera lanu, amene ndi amene amaiwalika pa rimandi ku Maula miyezi ndi miyezi, uzani abale ake kuti kuli Legal Aid Bureau yothandiza amene alibe ndalama ya loya, kuli MHRC, kuli Independent Complaints Commission yolandira madandaulo okhudza apolisi, komanso kuti belo ya ku polisi ndi yaulere, wina akamati perekani kenakake ndiye kuti akukuberani.

Mukasankha kupita ku mademo, yambani mwafufuza ngati okonzawo anadziwitsa a DC, lamulo limafuna chidziwitso cholembedwa kutatsala maola osachepera 48, ndipo limaletsa kusonkhana pafupi kwambiri ndi nyumba ya boma, nyumba ya malamulo kapena khothi popanda chilolezo. Dziwani njira yomwe adzere ndi komwe akukapereka chikalata, uzani m'bale wanu komwe muli, ana asiyeni kunyumba, tengani madzi ndi kansalu chifukwa cha utsi wokhetsa misozi, ndipo mukangoona miyala yayamba kapena anyamata achilendo alowerera gulu, bwererani osadikira. Katundu wanu tsiku limenelo musamuyale, gwirizanani ndi anzanu a mumsika musungitse malo amodzi otsekeka, komiti ya msika ikhozanso kukaonana ndi okonza mademo kapena a DC mademowo asanachitike kuti njira isadutse pa mabenchi anu, pa msonkhano wokonzekera uja nkhani ya njira imakambidwa ndipo inunso muli ndi mawu pamenepo.