Mukufuna ntchito ya mafupa? Musafulumire kusiya ntchito

Mnyamata wina yemwe ndi medical assistant pachipatala cha boma walemba kuti: "Ndimalandira anthu ambiri ovulala pa njinga za kabaza ndipo ndikufunitsitsa kudzachita opaleshoni ya mafupa. Bambo akuti ndisiye ntchito, ndilembenso MSCE kuti ndikalowe ku KUHeS (yunivesite ya zaumoyo ya Kamuzu), ati wosakhala dokotala ndi wongothandizira. Nditani?"

Mawu a bambowa ndimawamva kwa makolo ambiri, ndipo amandiwawa. Awerenge kaye zaka. Digiri ya udokotala ndi zaka 5, osawerengera chaka chokonzekera. Kenako pali miyezi 18 ya internship (kugwira ntchito m'chipatala moyang'aniridwa), ndiye zaka zina zosachepera 4 za ukatswiri wa mafupa. Zaka zoposa 10 zimenezo, ndipo malo ndi ochepa. Kusiya malipiro musanapeze malo n'kutchova juga.

Ine ndikuti funsirani maphunziro a orthopaedic clinical officer, wothandiza odwala mafupa yemwe si dokotala wa digiri, ku Malawi College of Health Sciences. Koma ndisakunamizeni: opaleshoni zovuta simudzachita.

Tengani kuvulala kwa Lisfranc, pakati pa phazi. Phazi lili ndi mafupa asanu aatali olowera ku zala, otchedwa metatarsal. Mtsempha womanga medial cuneiform (kafupa ka pakati pa phazi, mbali ya chala chachikulu) ndi tsinde la metatarsal yachiwiri ukaduka, mafupa amaguluka. Dokotala wa mafupa Myerson mu 1986 adagawa kuvulalaku patatu: A, mafupa onse asanu asunthira mbali imodzi, B, asuntha ena okha, C, atayana uku ndi uku. Dokotala wa opaleshoni amadikira kutupa kuphwe mpaka khungu lichite makwinya, nthawi zambiri masiku 10 mpaka 14. Akatero amabwezeretsa mafupa, n'kumanga atatu a mbali ya chala chachikulu ndi ma screw kapena ma plate. Lachinayi ndi lachisanu amagwiritsa mawaya ochotsa pakatha milungu ngati 6, chifukwa mbali imeneyo iyenera kumapindika munthu akamayenda. Imeneyi ndi ntchito ya ku chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth ku Blantyre kapena ku LION, chipatala cha mafupa ndi ubongo ku Lilongwe.

Koma wodwala amafika bwanji kumeneko? Kuvulalaku kumaphonyedwa kawirikawiri, munthu n'kuuzidwa kuti wangobinya. Woyamba kuona phazilo ndinu. Litembenuzeni: magazi akaundana kunsi kwake, kayikirani. X-ray ya munthu atagona imatha kubisa vutoli, choncho ajambulidwe ataimirira ngati angathe, mapazi onse awiri. Mpata woposa mamilimita 2 pakati pa metatarsal yoyamba ndi yachiwiri, kapena kachibenthu ka fupa pamenepo, mutumizeni ku chipatala chachikulu. Ngati palibe chasuntha, chikhakha milungu 6 osaponda. Phazi lotupa mothina, ululu wosamva mankhwala, usiku womwewo apite. Mukaphonya, phazi limaphwatalala, nyamakazi n'kulowa, wakabaza uja ntchito yathera pomwepo.

Ndiye bambo asanene kuti wogwira ntchito imeneyi ndi wongothandizira. Ngati mtima wa udokotala ukadalipo, funsani ku KUHeS zomwe amafuna kwa anthu omwe ali kale pantchito. Pakadali pano pemphani kuti muzikhala m'chipinda chomangira zikhakha tsiku la kiliniki ya mafupa, ndipo X-ray iliyonse ya phazi muziiwerenga nokha musanamve yankho la wamkulu wanu.