Akaunti ya bungwe pa msika wa masheya imayenda chonchi

Achimwene, mwafunsa ngati kampani kapena thumba la penshoni limagula masheya pa Malawi Stock Exchange monga amachitira munthu wamba. Msika ndi womwewo, koma manja ogwira ntchitoyo ndi atatu.

Woyamba ndi fund manager, amene amasankha choti agule potsata malire omwe matrasti, anthu oyang'anira thumbalo, anamulembera. Iyeyo amatuma wachiwiri, broker, poti broker yekha ndiye amaloledwa kugula ndi kugulitsa pamsikapo. Wachitatu ndi custodian, kawirikawiri banki, amene amasunga ndalama ndi masheyawo mu CSD, kaundula wapakompyuta wa ku Reserve Bank. Anagawa dala chonchi kuti wosankha asamagwirenso ndalama.

Potsegula akauntiyi amafuna satifiketi ya kampani, TPIN (nambala ya msonkho) ya ku MRA, chigamulo cha bodi chotchula anthu osayinira akauntiyo, ndi ziphaso za madayirekitala komanso eni ake enieni. Anthu osayinirawo akasintha inu osadziwitsa custodian, malangizo anu amangobwezedwa.

Pamene pamavuta kwambiri ndi pa kukula kwa oda. Msika wathu ndi waung'ono, ndipo mabungwe ambiri akagula amangosunga osagulitsa. Mukaponya oda yaikulu kamodzi, mumakweza nokha mtengo musanapeze n'komwe theka la zomwe mukufuna. Broker wodziwa ntchito amaidula m'zidutswa kwa masiku angapo, kapena amayamba wapeza bungwe lina lofuna kugulitsa mulu wonse.

Chinanso, chiwerengero kapena mtengo umene broker walemba ukasiyana ndi umene custodian walandira, malipiro amaima mpaka mbali ziwirizi zitagwirizana.