Code yanu ilibe vuto achemwali, mwangoiika pamalo polakwika

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Bangula, telala wa pakhonde, amene amasoka mayunifolomu a sukulu ndi madiresi a zitenje. Nkhani yawo mwachidule ndi iyi: mwana wa achimwene awo anawatumizira timizere ta code n'kuwauza kuti akatiika pa profile yawo ya Facebook, dzina la bizinesi lizioneka lalikulu komanso lofiira. Aika, koma chatuluka ndi timizere tomweto, ndi tizizindikiro take tosongoka, ngati papalasa nkhuku. Ndiye akufunsa kuti alakwitsa pati, komanso munthu wopanda kompyuta, wodalira foni ndi bandulo ya tsiku limodzi, angayambire pati kuphunzira zimenezi.

Achemwali, kalembedwe simunalakwitse. Mwangopita ndi nsalu kuchigayo. Facebook salola HTML, code yopangira masamba a pa intaneti, pa profile, chilichonse mungalembe pamenepo amachitenga ngati mawu wamba n'kuchionetsa momwe chilili. Instagram ndi TikTok n'chimodzimodzi. Mwanayo musamudzudzule kwambiri, chifukwa malangizo amene anawapeza ndi akale chabe. Kunali tsamba lotchedwa MySpace, linayamba mu 2003, ndipo kumeneko munthu ankaloledwa kulowetsa code pa profile yake n'kusintha mitundu, zilembo ndi zina zotero. Achinyamata ambiri a kunja anaphunzirira komweko. Malangizo a nthawi imeneyo akadali mbwee pa intaneti, ndipo owakopera sanena kuti Facebook sayenda choncho.

Malo amene code yanu ingagwire ntchito ndi tsamba lanulanu. Blogger, ya Google, ndi yaulere ndipo polemba nkhani pali posankha HTML view. WordPress ili ndi kabokosi kotchedwa Custom HTML. Neocities ndi GitHub Pages amakusungirani mafayilo anu a HTML osalipira kanthu. Mukapanga tsambalo, linki yake ndiyo mumakaika pa Facebook ndi pa status ya WhatsApp. Kwa inu ndingasankhe Blogger, chifukwa akaunti ya Gmail muli nayo kale, ndi imene mwanditumizira imeloyi.

Koma musathamangire kumeneko lero. Yambani ndi fayilo imodzi m'foni mwanu, intaneti itazimitsidwa.

Ndipotu markup, kutanthauza kuika zizindikiro zosintha maonekedwe a mawu, munayamba kale kuigwiritsa ntchito osadziwa. Pa WhatsApp mukaika nyenyezi kutsogolo ndi kumbuyo kwa mawu, monga *Ndatsegula*, mawuwo amada bii n'kunenepa, nyenyeziyo n'kusowa. HTML ndi nzeru yomweyo, kungoti m'malo mwa nyenyezi pamakhala matagi, timawu totsekeredwa m'tizizindikiro tosongoka tija. Anaiyambitsa ndi Tim Berners-Lee ku CERN, malo a kafukufuku wa sayansi kufupi ndi Geneva, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ndipo matagi oyambirira amene iye anagwiritsa ntchito ambiri akugwirabe mpaka lero. Zimene mungaphunzire mwezi uno sizitha fasho ngati masitayilo a manja a diresi.

Pa foni ya Android pezani pulogalamu yolembera code, ine ndimagwiritsa ntchito Acode, ili pa Play Store ndipo ili ndi kabatani koonera zimene mwalemba. Bandulo idzangofunika tsiku lokopera pulogalamuyo basi. Tsegulani fayilo yatsopano, muipatse dzina loti index.html, mulembe izi ndi zala zanu, osakopera:

<h1>Zosoka za ku Bangula</h1>
<p>Timasoka mayunifolomu, madiresi a zitenje ndi zovala za aperekezi a ukwati.</p>

Tagi ya h1 ikunena kuti uwu ndi mutu waukulu. Tagi ya p ikunena kuti iyi ndi ndime. Onani kuti iliyonse ili pawiri, yotsegula ndi yotseka, ndipo yotsekayo ili ndi kamzere kopendekeka. Inu mukafika kumapeto kwa msoko mumabweza makina pang'ono kuti ulusi usasomoke. Tagi yotseka ndiko kubweza kumeneko. Tsopano chitani dala: fufutani </h1> n'kuonanso. Mupeza kuti ndime yonse yatupa, yasanduka mutu, chifukwa foni sinauzidwe pothera. Bwezerani. Fufutaninso china. Ine ndinaphunzira zambiri powononga fayilo yanga ndekha kusiyana ndi mavidiyo onse amene ananditherapo bandulo.

Tagi imene ingakubweretsereni ndalama ndi ya linki, ndiye apa tikhalitsepo. Kasitomala akaona diresi safuna kukopera nambala, kukaisunga, kenako kukakusakani pa WhatsApp. Ena amatopera panjira. Lembani chonchi:

<a href="https://wa.me/265XXXXXXXXX">Tilembereni pa WhatsApp</a>

Pamene pali ma X muikepo nambala yanu, koma muchotse 0 woyambirira uja, musaikenso chizindikiro cha + kapena kusiya mipata. 265 ndi nambala ya dziko lathu. Munthu akadina mawuwo, WhatsApp imatseguka pamacheza a inu ndi iye. Mukafuna kuti uthenga ukhale utalembedwa kale, wonjezerani ?text=Moni%20achemwali kumapeto kwa nambala, mkati mwa zizindikiro zogwira mawu zomwezo. Ka %20 kakuimira mpata, chifukwa linki sifuna mpata weniweni.

Chithunzi chimalowa ndi tagi ya img, ndipo iyi ilibe inzake yotseka:

<img src="diresi.jpg" alt="Diresi ya chitenje ya mtsikana wa zaka 10" style="max-width:100%">

Mawu a mu alt ndi amene amaoneka chithunzi chikalephera kutseguka, ndipo kuno kwathu chimalephera kawirikawiri. Munthu ali ku East Bank kapena ku Makhanga, netiweki ikubwera n'kumapita, aziwerengako kuti pamenepa pali diresi ya msinkhu wakuti. Mapulogalamu owerengera anthu osaona amawerenganso mawu omwewo. Ka max-width kaja kamaletsa chithunzi kusefukira kunja kwa sikirini.

Pa alt pomwepa pali msampha umene mabuku a Chingerezi sangakuuzeni, chifukwa ndi wa chiyankhulo chathu. HTML imalola kugwira mawu ndi timizere tiwiri kapena kamodzi. Koma ife tili ndi ng'ombe, pang'ono, m'mawa, n'kale. Mukalemba alt='Diresi yaing'ono', foni iganiza kuti mawu athera pa "yaing", zotsalazo izitaya. Gwiritsani ntchito timizere tiwiri nthawi zonse. Ndipo muonetsetse kuti ndi toongoka. Code ikadutsa mu Word, timizereto timapindika, maso sangaone kusiyana koma linki imafa. Chinanso ndi ŵ wa mu Malaŵi, amene nthawi zina amasanduka zizindikiro zosamveka. Mankhwala ake ndi mzere uwu pamwamba pa fayilo:

<meta charset="utf-8">

Pansi pake muikenso uwu, kuti tsamba lisamaoneke ngati nyerere pa foni:

<meta name="viewport" content="width=device-width, initial-scale=1">

Iwiriyi simukuyenera kuiloweza. Ndipo pa Blogger anakuikirani kale.

Ndikuuzeni zimene zinandionekera ine. Tsiku lina ku Nchalo, mu Novembala, dzuwa lija loti foni imatentha ngati mbatata yootcha, ndinapangira mnzanga wokonza njinga zamoto tsamba lake. Pa kompyuta yanga zonse zinkaoneka bwino. Nditamutumizira linki anandiimbira kuti akungoona timabokosi topanda kanthu. Ndinamuuza kuti ndi netiweki yake. Ndinauzanso munthu wachiwiri chimodzimodzi. Wachitatu atadandaula ndi pamene ndinayang'anitsitsa, thukuta lili kamukamu: fayilo ndinaitchula Njinga.JPG koma mu code ndinalemba njinga.jpg. Windows imakhululuka zimenezi, koma makompyuta ambiri osunga masamba amaona ngati ndi mayina awiri osiyana. Kuyambira pamenepo mayina a mafayilo anga onse ndi a zilembo zing'onozing'ono, opanda mipata. Dziwaninso kuti chithunzi chimene chili m'foni mwanu mokha anthu ena sangachione, mpaka mutachikweza pa tsambalo.

Za mitundu, zimene munkafuna poyamba zija, ndi ntchito ya CSS. HTML ndi kudula ndi kulumikiza, CSS ndi mtundu wa nsalu ndi zokongoletsa. Anaiganiza ndi Håkon Wium Lie mu 1994. Poyambira pophweka ndi apa:

<h1 style="color:#b00020; text-align:center">Zosoka za ku Bangula</h1>

Mutu wanu wafiira, wakhala pakati. Manambala otsatira # ndi dzina la mtundu: #000000 ndi wakuda, #ffffff ndi woyera. Samalani kalembedwe, ndi color ndi center, za Chimereka, osati colour ndi centre zimene tinaphunzira kusukulu. Mukalemba za kusukuluzo foni siyidandaula, imangokhala chete osasintha kanthu.

Apa ndinene maganizo anga, ngakhale ena sagwirizana nawo. Mitundu iwiri yakwana. Mawu akuda pa malo oyera, mutu wokha wofiira. Amene amapanga masamba ali m'maofesi ozizira amakonda zilembo zotuwa, zowonda, zooneka zaulemu. Kasitomala wanu akuwerenga ataima pa msika wa Ngabu masana, dzuwa likumenya sikirini, kuwala kwa foni atakuchepetsa kuti batire ifike madzulo. Mukamaliza tsamba, tulukani nalo panja cha m'ma 12 koloko. Ngati mukutsinzina kuti muwerenge, sinthani.

Kulemera kwa zithunzi nakonso ndi nkhani ya ulemu kwa makasitomala. Chithunzi chochokera mu kamera ya foni chimatha kufika 3 MB kapena kuposa, ndiye mukaika khumi mwadya 30 MB ya munthu amene amangofuna kudziwa mtengo wa yunifolomu. Njira yachidule: tumizani chithunzicho pa WhatsApp kwa wina wa pakhomo, osati ngati document, kenako mutenge chimene walandiracho. WhatsApp imachichepetsa yokha. Zisanu zabwino zakwana. Ndipo ana a anthu atavala mayunifolomu musawaike osapempha makolo, jambulani chovala chili pa hang'ala.

Chenjezo limodzi lokha. Code iliyonse yokhala ndi mawu oti script, imene munthu wakutumizirani n'kumati iwonjezera otsatira kapena ikuonetsani amene amayang'ana profile yanu, isiyeni. Imeneyo si yokongoletsa, ndi pulogalamu yoti ichite zinthu m'dzina lanu, ndipo maakaunti amabedwa motero. Lamulo langa ndi lakuti mzere umene sindingathe kuufotokoza sulowa pa tsamba langa.

Mukafuna masamba a pa intaneti ophunzirirapo, W3Schools ili ndi zitsanzo zoti mumasintha n'kuona zotsatira pomwepo, MDN ya Mozilla ndi yozama koma ndi imene ndimaikhulupirira pakakhala mkangano, ndipo freeCodeCamp imakuyendetsani phunziro ndi phunziro kwaulere. Zonse ndi za Chingerezi, koma code yake ndi imene mukufuna. Mu Chrome, pa timadontho titatu tija pali kamuvi koloza pansi kosungira tsamba kuti muziliwerenga opanda intaneti. Sungani masamba angapo usiku netiweki ikakhala bwino, muziwerenga masana podikira makasitomala. Muzisunganso fayilo yanu pafupipafupi ndi kudzitumizira pa imelo. Amene tinaona mdima wa 2022, namondwe Ana atawononga Kapichira mu Januwale, komanso madzi a Freddy mu 2023, tikudziwa kuti foni ndi chinthu choti lero ilipo mawa yamira.

Sabata ino lembani fayilo imodzi yokha: mutu, ndime ziwiri, imodzi yonena zimene mumasoka ndi mitengo yake, ina yolondolera pamene pali khonde lanu, chithunzi chimodzi, ndi linki ya WhatsApp. Muipatse munthu amene sanaionepo ayese kudina linkiyo pa foni yake. Ikatseguka, nditumizireni fayiloyo pa imelo yomweyi, tidzaikweze limodzi pa Blogger. Mtengo wa malaya a kolala ya Chitchaina muulembenso, ndili ndi ukwati ku Nsanje mwezi wamawa.