Tichotse ofusayidi kuti zigoli zichuluke?

Achimwene ena andilembera imelo atatopa ndi masewero othera 0-0. Akufunsa kuti bwanji osangochotsa ofusayidi kuti ochemerera aziona zigoli zambiri?

Achimwene, maganizo amenewa si anu nokha. Marco van Basten, katswiri wakale wa mpira wa ku Netherlands, naye anawanenapo mu 2017 akugwira ntchito ku FIFA. Koma ine ndikukana. Ofusayidi ikachoka, womwetsa zigoli azingokhala pakhomo pa goloboyi kudikira mpira wam'mwamba, otchinga kumbuyo azimulondera komweko, pakati pa bwalo n'kukhala pululu.

Chomwe chimagonetsa anthu tulo pa mpira ndi kutaya nthawi dala. Pa World Cup ya 1990 ku Italy zigoli zinasowa, moti pa gemu iliyonse zinkangopitirira pang'ono ziwiri. Masiku amenewo timu ikatsogola, wotchinga ankabwezera mpira kwa goloboyi, iye n'kuwugwira, kuwudunda pansi kangapo, kumupatsanso wotchinga yemweyo, nayenso n'kubweza. Mphindi zinkatha choncho. Mu 1992 bungwe la IFAB, lomwe limasunga malamulo a mpira, linaletsa goloboyi kugwira ndi manja mpira womwe mnzake wamupatsira dala ndi phazi. Kalamulo kakang'ono, koma kanakakamiza magoloboyi kuphunzira kusewera ndi mapazi. Alisson ndi Ederson omwe mumawasilira aja ndi zipatso za lamulo limeneli.

Nanga lamulo la "golden goal"? Ankati woyamba kugoletsa m'nthawi yowonjezera wapambana basi, poganiza kuti matimu azithamangira kutsogolo. Mmalo mwake mantha anawagwira, ambiri n'kumangotchinga kudikira mapenate. Mu 2004 analitaya.

N'chifukwa chake ndikuliyamikira lamulo la 2025 lothana ndi kutaya nthawi: goloboyi akakumbatira mpira kupitirira masekondi 8, adani ake amapatsidwa kona. Woyimbira amakweza dzanja n'kumawerenga ndi zala masekondi 5 omaliza, bwalo lonse likuona. Lamulo lakale la masekondi 6 linalipo, koma ndani ankaliyimbira?

Dziwaninso kuti IFAB sisintha zinthu mwachisawawa. Mavoti alipo 8: FIFA ili ndi 4, pomwe England, Scotland, Wales ndi Northern Ireland ali ndi imodzi imodzi, ndipo pamafunika 6 kuti lamulo lidutse.

Ndikanakhala ndi voti, ndikanalimbana ndi osewera ogubuduka pansi ngati mwendo wathyoka, machira akangofika iwo dzuku! n'kuyamba kuthamanga. Wotuluka kukalandira chithandizo azikhala kunja mphindi zingapo, timu yake izisewera yopereŵera, tione ngati azigwabe chisawawa timu yawo ikutsogola 1-0.