Radiogram ya malemu bambo: ndiilize kapena indionongera mbale?

Imelo yomwe ndikuyankha lero yachokera kwa achimwene ena amene atsalira radiogram ya malemu bambo awo, chija chibokosi chachitali chamatabwa chokhala ndi wailesi mbali ino, galamafoni mbali inayo, masipika kutsogolo. Akuti yakhala zaka zambiri osayatsidwa, ndipo apezanso katoni ya mbale za nyimbo, zina zolemera zolembedwa 78, zina zopepukirapo za 33 ndi 45, manambalawa ndi a maulendo omwe mbale imazungulira pa mphindi imodzi. Funso lawo ndi lakuti, "ndingoilumikiza ku magetsi n'kuyamba kuliza, kapena ndiononga mbalezi?"

Achimwene, pulagiyo muyambe mwaisiya kaye pansi. Ndikudziwa mtima ukufuna mumve ngati ikulirabe koma chinthu chakhala zaka chili chete sichiyatsidwa mwa dzidzidzi. Anthu ambiri amaopa mavalavu, aja amagalasi amayaka mofiira aja, chonsecho mavalavu amakhalitsa, ambiri mukawapeza akadali bwinobwino. Zomwe zimafa ndi makapasita, tizipangizo tosunga moto wamagetsi. Akuluakulu osefa magetsi amauma mkati, ndiye mukayatsa mumangomva "huuum" osatha m'sipika, ang'onoang'ono apepala okutidwa phula aja amayamba kudutsitsa moto pomwe sukuyenera kudutsa, valavu n'kutentha mopyola, zikavuta thiransifoma n'kupsa, ndipo thiransifoma ya makina amenewa kuti muipeze ina ndi ntchito. Kapasita kusintha n'kosavuta. Pitani nayo kwa mmisiri wodziwa zamavalavu, amene amayamba wadutsitsa magetsi mu babu lakale lija lafilamenti asanafike ku wailesi, babu likawala kwambiri osazirala amadziwa kuti mkati muli shoti, azimitse msanga. Inuyo musapisemo dzanja. Muli magetsi a mavoliti mazana angapo, makapasita amasunga moto ngakhale mutazula pulagi, komanso ena mwa mawailesi akale chitsulo chake chamkati chimalumikizana ndi magetsi a pakhoma mwachindunji. Ngati yanu ndi ya m'ma 1960 mochedwa mwina ndi ya matransista, ngoziyo ndi yocheperapo koma makapasita amakalamba chimodzimodzi.

Muonenso kachikwangwani kakumbuyo. Ngati palembedwa 110 kapena 120 V pomwe magetsi anu ndi a 230, musayerekeze popanda thiransifoma yotsitsa moto, ndipo mota wopangidwira magetsi a 60 Hz amazungulira pang'onopang'ono pa magetsi a 50 Hz, oimba onse amamveka ngati atopa.

Za makina ozungulitsa mbale sinditaya nthawi. Ambiri mwa amenewa ndi a kampani ya BSR, Garrard kapena Collaro, ndipo matenda awo ndi amodzi, girizi wakale amalimba, kawilo kalabala komwe kamatenga mphamvu ku mota kamauma n'kumaterereka. Kupukuta, girizi watsopano pang'ono, kawilo kena, basi yadzuka.

Tsopano nkhani yeniyeni ya mbale zanu ili pa singano.

Mbale zomwe muli nazo si mtundu umodzi. Za 78 zija ndi za shellac, zimasweka mukagwetsa, ndipo timizere take ndi tatikulu. Za 33, zomwe amazitchanso LP, anazitulutsa a Columbia mu 1948, za 45 a RCA Victor mu 1949, zonsezi ndi za vinyl, zofewa, timizere tating'ono kwambiri. Nsonga ya singano ya 78 imakhala pafupifupi 3 mil, ya LP ya mono 1 mil, ya stereo 0.7 mil, mil imodzi ndiye inchi kuigawa ka 1,000. Mukaika singano yonenepa ya 78 pa LP siilowa mumzere, imayenda pamwamba ikudumphadumpha ikusenga m'mbali mwa mzerewo, ndipo zikaonongeka zaonongeka, palibe kubwezera. Mukaika yaing'ono pa 78 imatitimira mpaka pansi pa mzere pomwe palibe nyimbo, mumangomva "shhhh" wambiri, shellac n'kumadya singanoyo. N'chifukwa chake maradiogram ambiri ali ndi singano yotembenuza. Tayang'anitsitsani kumapeto kwa mkono, muona kandodo kakang'ono kapulasitiki kotulukira m'mbali kolembedwa LP uku, 78 uko. Kakuwerengeka pamwamba ndi komwe kakugwira ntchito. Kusintha sipidi n'kuiwala kutembenuza kandodo kameneka ndi komwe kwapha mbale zambiri.

Singano yomwe ilipoyo itayeni, musaifunse n'komwe. Simukudziwa yaliza mbale zingati. Zambiri zinali za safaya zomwe zimatha pa maola makumi ochepa chabe, ya dayamondi imafika mazana, ndipo singano yakutha nsonga yake imasanduka chisemelo. Zatsopano zikupangidwabe, mungowerenga nambala yolembedwa pa katiriji, kamutu kaja kogwira singano.

Katirijiyo nayo ili ndi zake. Zakale kwambiri zinali za crystal, mkati muli mchere wa Rochelle womwe sugwirizana ndi chinyezi ndi kutentha, ndiye ngati wailesi ikulira bwino koma galamafoni ikumveka pansipansi kapena zii, kawirikawiri ndi imeneyo yafa. Za ceramic zimapirira. Koma chachikulu n'chakuti mbale za stereo zinayamba kugulitsidwa kwambiri mu 1958, ndipo mzere wa stereo umagwedeza singano cham'mbali komanso chokweza ndi kutsitsa, pomwe katiriji yakale ya mono imangodziwa cham'mbali basi, ndiye pomwe imayenera kukwera imangolima. Ngati radiogram yanu ndi ya mono, mbale iliyonse yolembedwa stereo isayandikire kufikira mmisiri ataikamo katiriji ya ceramic yololera stereo. Wina akakuuzani kuti muikemo ya magnetic ngati ya makina amakono, dziwani kuti mawu ake ndi ofooka, imafuna preamp, kachipangizo kokweza mawuwo asanalowe mu wailesi, komanso mkono wolemera wa makina amenewa sugwirizana nayo kwenikweni. Ine ndimati isiyeni pa ceramic.

Kulemera nakonso. Makina ambiri abwino amasiku ano amapondereza mbale ndi magalamu pafupifupi 2, radiogram imatha kufika 5, 6, zakale zenizeni kupyola pamenepo. Pansi pa mkono pamakhala kasipuling'i kosinthira kulemerako, mmisiri akuyezereni ndi kasikelo. Ndipo chonde chija chomata ndalama yachitsulo pamkono kuti singano isamadumphe, ayi. Ikadumpha ndiye kuti singano yatha kapena mkono walimba ndi girizi, konzani pamenepo.

Ndiye ndinene maganizo anga. Radiogram yokonzedwa bwino ndi singano yatsopano sionongeratu mbale tsiku limodzi monga ena amaopsezera, anthu ankaliza mbale pa makina omwewa kwa zaka ndipo mbalezo ndi zomwe mwazipeza m'katonizo. Za 78, za 45 ndi ma LP a mono zomwe zinakulira pa iyo, lizani osaopa, zimamveka bwino kwambiri pamenepo chifukwa bokosi lamatabwa limapereka besi yofunda komanso limabisa kuthetheka kwa mikwingwirima komwe makina amakono amaonetsa poyera. Koma ngati muli mbale ina yosowa, kapena ya stereo yoti ikadali yonyezimira, imeneyo isungireni makina opepuka, kapena muijambule kaye mu kompyuta musanaiike apa.

Musanalize muzitsuke. Madzi oyera ndi kadontho ka sopo wotsukira ziwiya, kansalu kofewa kotsatira mizere mozungulira, pepala lapakati lisanyowe, ziume kaye. Sipiriti pa 78 musayese, amasungunula shellac. Posunga muziziimika chilili, kutali ndi dzuwa.

Chomaliza, mupeza kuti chitsulo chapakati chomwe mumalowetsapo mbale ndi chachitali, chopangidwa kuti musanjikize mbale zingapo zizigwa zokha imodziimodzi. N'zosangalatsa kuonerera, ndipo za 45 zimapirira chifukwa pakati pake ndi potukuka, mizere sikhudzana. Za 78 muziika ndi manja imodziimodzi, zikagwerana zimang'aluka. Mukanditumiziranso imelo mundilembere dzina ndi nambala zomwe zili pa kachikwangwani kakumbuyo ndi pa katiriji, ndikuuzani singano yoti mufunefune.